Usiku Umene Ghislain Anazula Njira

Kwathu kuno kumpoto kwa Quebec, ukamufuna Ghislain Perron sunkavutika. Unkangotsata fungo la petulo wosakaniza ndi oyilo, n'kukamupeza m'shedi kuseri kwa nyumba atagwada pambali pa njinga yamoto yakalekale yoyenda pa chipale chofewa, zija za nyale imodzi zoliza ndi chingwe. Anali nazo zingapo, zonse zotsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Zatsopano ankazinyoza. Ankati zilibe mawu, pomwe yakale ikamalira unkadziwa mwini wake isanatulukire n'komwe.

Chaka chilichonse nyanja ikaundana, okonda zakalezi amawoloka nazo kupita kutsidya, ana atakhala m'tingolo totsetsereka tomanga kumbuyo. Ntchito ya Ghislain inali yolemba njira. Lamulo lake ndi limodzi: uboole ayezi, uone kukhuthala kwake, kenako uzike kamtengo ka paini pabowopo. Woyendetsa sayang'ana pansi, amangotsata timitengo. Ndiye wozika akalakwitsa, walakwitsira mudzi wonse. Malo oopsa aliyense amawadziwa, ndi pomwe mtsinje umathirira m'nyanja, pamene madzi amayenda pansi n'kumadya ayezi mwakachetechete. Pamenepo ndi pamene anamira mkulu wake Adélard, Ghislain akadali mwana, pamodzi ndi njinga yoyamba kufika m'mudzi muno. Sanapezeke, iye ngakhale njingayo.

Tsiku loti ulendo ndi mawa, Ghislain ndi mlamu wake Rosaire anazika kamtengo kotsiriza dzuwa litalowa kale.

"Tiyeni alamu," anatero Rosaire, akuliza njinga yake yatsopano ndi chala chimodzi. "Kapena ndikukokeni? Chigoba chanucho chikaona mdima chimayamba kudwala."

"Pitani inu ndi ndowa yanu yapulasitikiyo. Mukamuuze mlongo wanuyo atenthetse supu, ndili m'mbuyo mwanu."

Rosaire anaseka, n'kusowa mumdima.

Ghislain anakoka chingwe. Zii. Anakokanso. Anachotsa pulagi, kuipukuta, kuibwezera. Zii. Nyale za m'mudzi zinkaoneka kutali kwambiri, ndipo kuzizira kunayamba kumuluma m'zala.

Apo m'pamene anamva injini.

Inkachokera kumtsinje. Inkalira, kenako n'kukhala ngati yameza malovu, n'kuyambiranso, ndipo pansi pa kulirako pankamveka kachitini kakunjenjemera. Ghislain anasiya pulagi yapadera imene anali atatulutsa m'thumba kugwera m'chipale. Kalelo Adélard anamata paipi ya utsi ya njinga yake ndi chitini cha manyuchi, ndipo palibe njinga ina padziko imene inkalira choncho. Zigoba zonse za m'shedi zija anazigula akufunafuna mawu amenewa, osawapeza.

Tisanamizane, mantha sanabwere msanga. Chimene chinabwera ndi chimwemwe.

Nyale yachikasu, yofooka, inayandikira pang'onopang'ono n'kuima chapatali pang'ono. Nkhope ya wokwerayo sinkaoneka. Chinkaoneka ndi chikhoti chofiira chaubweya. Chinkadontha madzi. M'kuzizira kotere, koti malovu amauma asanafike pansi, madziwo ankangodontha.

"Ghislain. Wakula."

"Achimwene?"

"Timitengo wazika pati iwe? Mtsinje wasintha njira chaka chino. Ukufuna kupha ana a eni ake?"

"Ndaboola ndekha, achimwene. Ayezi ndi wokhuthala."

"Pamwamba pokha. Zula. Ndikuunikira."

Mawuwo anali omwe aja ankamuuza kale akamukweza pa njinga kuti gwiritsa m'chiuno, usataye, ndipo iye sankataya. Anaganiza za tingolo ta ana tija mawa m'mawa. Anatenga kankhwangwa pa njinga yake n'kuyamba kukumba kamtengo koyamba.

Timitengoto tinali titagwirana ndi ayezi. Ankagogoda, kuzula, kunyamula, n'kutsatira nyale. Nyale ikaima, iye n'kuima. Atatenga chobowolera, mawu aja anamuletsa.

"Usaboole. Nthawi palibe. Ingozika m'chipalemo."

Zaka zonsezi Ghislain anali asanazikepo kamtengo osaboola. Usiku umenewo anazika. Injini inkangolira pambali pake, utsi wake n'kumamufika kumaso, ndipo mtima wake unali m'malo kuposa masiku onse.

Patapita nthawi, sankadziwanso kuti mudzi uli mbali iti. Zala sankazimvanso. Kenako phazi linalowa m'chipale, n'kutuluka lolemera.

"Achimwene, pano pali madzi."

"Pitirira."

"Ayezi akulira, achimwene."

"Ndi ine ndikulira. Gwada, uzikwawa. Watsala pang'ono."

Anagwada, n'kumakwawa, kamtengo kali kumanja. Nyale inkabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo iye ankaitsatira.

Kumudzi, Noëlla, mkazi wa Ghislain, anali atadzutsa kale anthu. Rosaire ndi amuna ena anazungulira usiku wonse. Njinga ya Ghislain anaipeza ili yokha, koma njira imene anaizika masana panalibe, pankangooneka maenje. Kutayamba kuyera m'pamene Rosaire anaona mzere wina wa timitengo, wowongoka bwino, wochokera pagombe la mudzi. Anautsata mwachangu, chifukwa ankaona kumene ukulowera.

Anamupeza Ghislain atagona chafufumimba pamathiriro a mtsinje. Patsogolo pake pang'ono panali madzi akuda, osaundana, akufuka nthunzi.

"Alamu! Musasunthe!"

"Katsala kamodzi," anatero Ghislain osatembenuka. "Achimwene akudikira."

"Achimwene ati? Palibe munthu apo! Gwirani chingwechi, ndapota nanu!"

Rosaire anadzimanga m'chiuno, amuna ena atagwira kumapeto, n'kukwawa mpaka kumugwira mwendo. Pomukoka, ayezi pamene anagona paja anathyoka n'kumira. Ghislain anadzutsa mutu. Nyale panalibe. M'chipale monsemo munali mapazi ake okha ndi mawondo ake, popanda mkukuluzi wa njinga ina iliyonse. Koma amuna onse anali pamenepo amalumbira mpaka lero kuti pankanunkha utsi wa oyilo.

Kenako Ghislain anayang'ana m'mbuyo n'kuona mzere wa timitengo uja, ntchito ya manja ake. Kutali kugombe kunkamveka injini zakale zikutenthetsedwa. Alendo ochokera m'midzi ina anali atafika, osadziwa kanthu, akumanga tingolo ta ana. Ghislain anakuwa ngati mwana. Mmodzi mwa amunawo anathamangitsa njinga kukawaimitsa.

Ulendo wa chaka chimenecho unalephereka. Ghislain anadulidwa zala ziwiri kuchipatala, ndipo ntchito yolemba njira inapatsidwa kwa ena, awiriawiri, masana okhaokha. Adokotala anati kuzizira kumasokoneza mutu. Amayi a kutchalitchi amanong'onezana zina, akuti Adélard wakhala yekha pansi paja nthawi yaitali, ndipo akamva anzake akuliza injini pamwamba pake chaka ndi chaka, amasungulumwa.

Rosaire anapita kukamuona atatuluka m'chipatala. Anamupeza atakhala pawindo loyang'ana kunyanja, dzanja lili m'bandeji, khofi atazizira patebulo.

"Koma alamu, munthu wakufa kalekale akukuyankhulani, simunaope?"

Ghislain anayamba wayang'ana kukhitchini ngati Noëlla akumva, n'kutsitsa mawu.

"Ndinaopa nditaona timitengo tija. Usiku wonse sindinaope. Ndiye ndikupempheni, alamu. Injini ija ikadzaliranso, mudzandimange pampando pano, ngakhale nditukwane bwanji. Ndikudzidziwa ine. Ndidzapita."