Chipsera cha Vashtur

Lester Kowalchik anatsika sitima yomaliza ku Paterson usiku wina mu Disembala 1974, basi ya kwawo itapita kalekale. Chinamuchedwetsa ndi mkangano ndi mkonzi wake, Mayi Teague.

Kwa zaka makumi awiri Lester ankajambula Vashtur, mfiti yosafa yomwe inayambira m'magazini otchipa a m'ma 1930 isanalowe m'timabuku ta zithunzi. Owerenga anaiona ikuwotchedwa, ikumizidwa, ikudulidwa mutu, koma malonda akangotsika ife opanga timabukuto tinkaidzutsa. Ntchito yathu ndi yotero, sitidziwa kulemekeza maliro. Mwezi wapitawo inali itaikidwa m'manda kachisanu ndi chinayi, ndipo Lester anali atasowa njira ina yoidzutsira. Mayiwo anamuuza mosapsatira kuti pofika Lolemba idzuke, apo ayi ofuna mpando wake ndi mbwee.

Kunyumba kunalibe womudikira. Chimwalirireni mkazi wake, nkhope yokhayo yomwe ankacheza nayo inali ya mfitiyo, ndipo kunena zoona ankaikonda.

Anauyamba wapansi, chikwama cha mapepala kukhwapa. Chipale chofewa chinali chitagwa madzulo, msewu uli zii. Atafika pakati pa mlatho anamva munthu akutsokomola kumbuyo kwake. Anali mkulu wina wowonda, wovala jasi yakalekale, zala zake zili bii ndi inki. Patsaya lakumanzere anali ndi chipsera chochokera kukhutu mpaka pakamwa. Lester anachiyang'anitsitsa, kenaka anadziseka yekha: chipsera cha Vashtur chili kumanja, mwana aliyense amadziwa.

Anayenda limodzi. Lester anakondwa kupeza womumvera, moti anayamba kudandaula za mawondo, za khofi wozizira wa kusiteshoni, za mkonzi wosamva. Mkuluyo ankangogwedeza mutu. Ndiye anayang'ana chikwamacho.

"Mukamudzutsanso?"

Lester anali asanatchule za mfiti kwa munthuyu.

"Mukamudzutsa, ine tulo timatha," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Ndimangozungulira msewu uno, wondipatsa moni palibe. Ndatopa, mwana wanga. Mulekeni agone."

Lester anafulumiza. Mkuluyo sanatsale. Chipale chinkalira pansi pa nsapato za munthu mmodzi yekha...

Anafika pa nyumba yosindikizira mabuku yomwe inatsekedwa kale. Zenera lake lalikulu linali lakuda, nyali ya mumsewu ikuwalirapo. Lester anaponyapo maso. Anadziona yekha, chikwama kukhwapa. Pambali pake... chipsera chili kumanja. Mphumi ija. Milomo ija. Vashtur! Nkhope yomwe dzanja lake likanaijambula ngakhale mumdima.

Anacheuka. Panalibe munthu. Kumbuyo, mpaka kumlatho, mapazi anali ake okha.

Sanathamange, mawondo sakanamulola. Analowa m'nyumba, nakhala patebulo osavula jasi mpaka kunja kunacha.

Lolemba anaika tsamba limodzi patsogolo pa Mayi Teague: manda otseka, udzu utamera pamwamba. Ankadziwa kuti ntchito yathera pomwepo, ndipo zinamuwawa ngati akuika m'bale wake. Asanatuluke anafunsa kuti anayamba kujambula mfitiyo ndani.

Mayiwo anafufuza m'kabati natulutsa chithunzi chofiirira. Jasi yomwe ija. Chipsera kumanzere.

"Anton Rasko," anatero. "Analibe womuimira kuti amujambule, ngakhale mnzake mmodzi. Ankangodziyang'ana pagalasi, n'chifukwa chake chipsera chinasamukira mbali inayo. Anafa mu 1949, anamupeza m'chipinda mwake patatha sabata. Watani, Lester, wazizidwa?"

Mayiwo anakankhira tsamba la Lester pambali n'kumuuza kuti asadandaule, wojambula wina aidzutsa mwezi wamawa. Anati amuuza kale wojambulayo kuti nkhope atengere pa masamba a Lester a zaka zinayi zapitazi, chifukwa owerenga amalemba makalata kuti mfitiyo siinaoneke yamoyo chonchi n'kale lonse.

Masambawo anali pakhoma. Lester anawayandikira, nawayang'ana ngati mlendo. Chipsera chinali cha Rasko ndithu. Koma zikope zolemerazo, mphuno yopindikayo, makwinya a m'mbali mwa pakamwa... Kale mkazi wake ndiye ankamukhalira kutsogolo, kukwinya nkhope ndi kutukula manja uku akuseka, kuti iye aonere. Mkaziyo atamwalira zaka zinayi zapitazo, Lester anagula kagalasi n'kukaimika patebulo kuti azionera nkhope yake yomwe.

"Mudzaidzutsa kangati?" anafunsa.

"Malinga ikugulidwa," anatero mayiwo, maso ali kale pa mapepala ena.

Madzulo ake anatsika sitima kukadali kowala, basi ili chiimire pasiteshoni. Sanaikwere. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pamlatho paja, akuwerenga nyali ndi makhwalala, kuti msewuwo auzolowere.