Wofufuta Bolodi ndi Dzanja

Dzuwa litapendeka, Ahedi ankazungulira makalasi ndi makiyi m'manja, kutseka mazenera monga mwa masiku onse. Atafika pa kalasi yakumapeto anaima chilili. M'katimo munthu ankaphunzitsa masamu, pang'onopang'ono, ngati wotopa. Mawuwo ankawadziwa bwino. Anali a mphunzitsi wa masamu amene anamuika m'manda teremu yatha. Atakankha chitseko anangopeza madesiki okhaokha ndi fungo la choko chonyowa.

Ahedi anali mayi wokonda ntchito, wosafuna kuti mphunzitsi akalambire pamalo amodzi. Atangofika pasukulupo anayamba kumakhala kumbuyo kwa kalasi kuonerera phunziro, kenako n'kukambirana ndi mphunzitsiyo zoyenera kukonza. Wochita bwino ankamutumiza kukawonjezera maphunziro. Ndiye poti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, anapempha mkulu wina wopuma pantchito, amene analamulirapo sukuluyo kalekale, kuti azikhala nawo pambali n'kumawalangiza. Kalanga ine, anachita kumuitana okha!

Mkuluyo ulemu wake unali wochititsa manyazi. Phunziro likatha ankadzuka n'kunena kuti, "Pumani aphunzitsi, mwatopa," n'kukafufuta yekha bolodi. Chofufutira ankachikana. Ankapukuta ndi dzanja, kenako dzanjalo n'kulilowetsa m'thumba la jekete. Ana anam'patsa dzina loti a Chikhatho, ndipo Ahedi ankaseka nawo.

Wa masamu uja anayamba ndi kuiwala mawu pakati pa phunziro, kukamwa kuli yasa. Kenako pakhosi panauma, n'kuyamba kutsokomola zoyera, basi wapita. Wa sayansi, amene ankayembekezera kupita ku maphunziro, anamutsatira momwemonso. Makolo ankanong'onezana kuti mkulu uja anachotsedwa paudindo asakufuna, ndipo anatuluka muofesi akulumbira kuti pasukulupo sipadzatuluka womuposa. Ahedi ankati zimenezo n'zamiseche.

Madzulo amenewo, akubwerera m'mbuyo kuchoka pakhomo la kalasi, anagundana ndi wachiwiri wawo, thukuta lili kamukamu.

"Mwamva nanunso?" anafunsa Ahedi.

"Ndamva, mayi. Dzulo anali wa sayansi."

"Nanga n'chiyani chimenechi?"

Wachiwiriyo anayang'ana uku ndi uku. "Ine sindinanene kanthu. Koma onse awiri aja, anawafufutira bolodi ndani?"

Makiyi anagwa pansi. Pasukulupo pankaphunzitsanso mng'ono wa Ahedi, mwana amene anamulera okha mayi awo atamwalira. Tsikulo inali nthawi yake yoonereredwa, koma Ahedi anaitanidwa ku msonkhano m'mawa. Pochoka anauza mkuluyo ndi pakamwa pawo kuti, "Kaloweni nokha, bambo, mukandiuza mmene wachitira."

Ahedi anathamanga, mayi wamkulu, nsapato imodzi n'kutsalira panjira. Mng'ono wawoyo anam'peza pakhonde kunyumba, makope a ana ali pamiyendo, cholembera chitangoima.

"Iwe, bolodi lako wafufuta ndani?"

Mtsikanayo anamwetulira. "Andiyamikira bwanji, achemwali! Akuti ine ndine... ndine..." Anagwira pakhosi, maso ali tong'o, n'kutsokomola. Pachikuto cha kope panagwa fumbi loyera.

Ahedi anamugwira dzanja n'kumukokera kunyumba ya mkuluyo, kuseri kwa bwalo la mpira, akulira mokuwa ngati mwana. Anali okonzeka kugwada, ngakhale kum'bwezera ofesi ndi mpando womwe. Anapeza chitseko chili pululu, m'nyumba mulibe ndi mphasa yomwe. Pamsomali panangotsala jekete lija, matumba ake atatembenuzidwa, okutumulidwa bwinobwino.

Pobwerera anadzera kusukulu, mdima ukuyamba. Kalasi yakumapeto ija inali ikuphunzitsabe, koma mawu anali atasintha. Tsopano anali a mtsikana, omveka bwino, ansangala.

"Mwamvetsa, ana inu? Amene sanamve akweze dzanja."

Ahedi anatembenuka. Mng'ono wawo anali pambali pawo pomwepo, atawakakamira mkono, milomo ili yotseka.