Ndeke ya Malasha ya ba Whyson

Nkhalani pansi imwe, muleke chongo. Wailesi iyo zimyani. Ine mu kilasi sininapondemo, koma vamene nasunga mu mutu uno simuzavipeza ku sukulu kwanu. Wolemba alembe monga nikamba, osanikonza.

Inali nthawi ya makuponi, pamene tinali kugona pa laini ya unga. Muno mu Kalingalinga munali ba Whyson, payiloti wa tundeke tung'ono twa banthu banayi. Kampani yao inagwa. Banakhala pa nyumba, kudya va tomato wa bakazi bao, ba Virginia.

Manje kunamveka nchito kwa mwamuna wina wamene anatsala na kandeke kamodzi, kopeleka balendo ku Luangwa. Koma payiloti akakhalitsa pansi, sibamupatsa ndeke chabe. Bamupimanso. Bamufunsa mafunso, bakwela naye mumwamba, baone ngati akumbukila.

Ndeke yophunzililapo kunalibe. Ba Whyson banatenga malasha, nakulemba ndeke pa lubanza, panja pa nyumba, mapiko na mchila wake. Madzulo yalionse banali kuizunguluka, kugwila mphepo. "Phiko ili bwino. Tayala ili bwino." Maneba kuseka pa mpanda: "Ba Whyson, lichero muzakwela nthawi bwanji? Mutitengeko!"

Usiku wakuti kukacha bakapimiwe, malaiti yanayenda. Tulo tunakana. Banachoka panja, nakuyamba kuzunguluka.

Pa phiko ya kumanzele banamva fungo. Mafuta ya ndeke. Mu Kalingalinga.

Ku mchila kunaimilila munthu. Shati yoyela, yonyowa, yomamatila ku thupi. Mvula inali itasiya dzana. Munthu uja anafunsa:

"Injini ikazima wanyamuka chabe, uchita chani?"

Pakamwa pa ba Whyson panayankha peka. "Nitsitsa mphuno, niyenda kutsogolo. Sinibwelela kumbuyo."

"Ukalowa mu mtambo, pansi sipaoneka?"

"Nikhulupilila mawochi ya ndeke. Thupi inama."

Munthu uja anasendela. Nsapato zake zinali kulila manzi, tswa, tswa.

"Mafuta?"

"Nayangana. Yadzala."

"Pansi pake?"

Ba Whyson banayangana pansi.

Mvelani, pakuti apa ndiye pali nkhani. Manzi ni yolema kupambana mafuta. Yakalowa mu thanki ya mu phiko, yagona pansi. Payiloti afunika kukama tumafuta pansi pa phiko mu kagalasi, aone. Koma zaka zija mafuta yanali yosowa, madilamu kugona pa mvula, ndipo bene ba ndeke banali kukalipa ukataya olo dontho. Bambili banaleka. Ba Whyson nabo banaleka kudala, chakuti olo pa ndeke ya malasha, yamene siidya ndalama, banali kudumpha pamenepo.

Banakweza menso. Mau yaja banayaziba. Lemmy, munzao wa pa nchito, wamene anagwela mu matete ya Kafue chaka chinapita. Bokosi yake banainyamula beve.

"Lemmy... ndiwe?"

"Sininabwele kucheza. Ukame. Ukaona yoyela, ugwedeze phiko, ukamenso."

Galu wa pa neba analila kamodzi, nakuleka. Ku mchila kunalibe munthu.

Kuseni ba Virginia banachoka na chipyango kuti basese, banaima. Lubanza yonse youma. Koma pansi pa phiko ya kumanzele panali ponyowa, matope.

"Batate bake Kapambwe, munathila manzi apa?"

 Ba Whyson banavala shati, banayenda.

Ku bwalo ya ndeke wopima anali kale mu mupando, amangilila lamba. Mwini ndeke ayangana nkoloko. Ba Whyson banagwada pansi pa phiko, banakama. Yoyela bwino.

Mwini ndeke anati, "Basi mdala, kwelani. Mafuta si manzi ya pa pompi."

Nchito inali apo, pa manja. Kunyumba unga unali utatha. Banaimilila, banagwila chitseko. Fungo ija inabwelanso, na kamphepo kozizila pa khosi.

Banabwelela. Banagwedeza phiko, banalinda, banakamanso.

Manzi. Banataya. Manzi futi. Kagalasi kudzala, mafuta kuyandama pamwamba monga pa supu ya osauka.

Wopima anamasula lamba, anatsika. Anayangana kagalasi, anayangana ba Whyson, milomo mbuu. Koma mwini ndeke anachita nsoni, ndipo nsoni ya munthu wa ndalama ni ukali. "Simunayambe na nchito, mwayamba kale kunionongela dzina! Niziba mapayiloti bambili bali na njala."

Ba Whyson banabwela na miyendo, kagalasi mu thumba. Mu komboni banthu kunong'ona: ati ndeke ya malasha ija inauluka zoona usiku, matope yaja ni ya kumene inakatela. Ba Virginia banafuna kuipyanga. Bamuna bao banati, "Isiye."

Pa Chisanu tinamva ati nchito bapatsa Ngosa, payiloti wa ku komboni ya Garden, wamene bakazi bake banali na pakati. Ndeke ni ija. Madilamu ni yaja.

Usiku uja ba Whyson banali menso. Banamva mu njila, tswa, tswa. Banagwila mtima. Nsapato zinafika pa geti, zinaima pang'ono. Zinapitilila. Zinakhota njila yoyenda ku Garden.

Manje ngati Ngosa anatsegula chitseko pamene...

Nindani uyo aitana? Bana Chibwe? Mwana atentha futi? Nabwela! Nipatseni chitenge changa. Cholembela icho siyani pamenepo.