Wakuba Mwezi wa a Mwinyi

Amne anakumana ndi Mikidadi pa siteji ya maminibasi a daladala ku Magomeni, mumzinda wa Dar, tsiku limene thumba lake la mango linang'ambika. Mnyamatayo anamutolera mangowo uku akung'ung'udza m'Chichewa.

"Ha! Ndinu akwathu?" Amne anaseka.

"Wa ku Balaka, chemwali. Koma kuyambira lero kwathu ndi kumene kuli inu."

Pakamwa pake mnyamata ameneyu panali shuga! Posakhalitsa kafoni ka Amne kanayamba kulira madzulo alionse: "Nthanda yanga, wadya?"

Zinali zaka zija malonda atangomasuka, zikwangwani za makampani zikumera paliponse mumsewu wa Morogoro. Chikwangwani china anachizika kuseri kwa nyumba ya a Mwinyi, bambo ake a Amne, magetsi ake oloza kumwamba. Tulo tinathawa, atambala anasokonezeka, nyenyezi zinazimirira. Chowawa kwambiri, a Mwinyi amene chibwerereni ku Dar ankadzionera okha mwezi watsopano wa Ramadhani ndi Idi ali pabwalo pawo, tsopano ankangoumvera pa wailesi.

"Amene anakhoma magetsi awa asadzaponde pakhomo panga!" ankatero mkuluyo.

Amne atamuuza Mikidadi zimenezi, iye anangoti, "Pepa, mpenzi, wapamtima wanga," n'kuyang'ana kumbali. Za ntchito yake ankangoti ndi fundi, mmisiri wa magetsi, basi.

Tsiku lina Amne akuchokera kumsika anakweza maso. Pamwamba pa chikwangwani chija panali munthu akusintha babu, atavala malaya omwe aja iye mwini anamugulira Mikidadi kumsika wa ku Mwenge.

"Mikidadi! Ndiwe unakhoma zimenezi?"

Mnyamatayo anatsika. "Ndine. Ndimaopa kukutaya, Amne."

"Ndiye umandipepesa ukudziwa? Ine n'kumakulirira, iwe uli phee!"

Anathamangira kunyumba n'kukalira mpaka maso kutupa. Mauthenga ankabwera, iye osayankha. Kodi munthu wonama pa babu angalephere kunama pa banja? Koma mtima, mayo ine, unkamufunabe!

Ramadhani ili kumapeto, kafoni kanaliranso: "Lero dzuwa likalowa utuluke pabwalo ndi bambo. Ndikulonjeza, chimene ndinakuberani ndibweza."

Amne anafuna kuufufuta uthengawo, koma chala chinakana. Dzuwa litalowa anawagwira dzanja bambo ake n'kutuluka nawo.

Abale inu! Magetsi aja anali atasamutsidwira pamwamba pa chikwangwani, lililonse litavala chipewa cha lata, likuwalira pansi pokha. Kumwamba kunali kwawo kwakale kuja, nthanda ili nyezinyezi.

"Uwo! Mwezi uwo!" a Mwinyi anafuula ngati mwana, misozi ili chuchuchu m'ndevu.

Kunja kwa geti kunaima Mikidadi, manja ali mabala okhaokha a malata.

"Shikamoo, bambo," anapereka moni waulemu wa Chiswahili. "Ndinakhoma magetsi aja ndine. Ndawachonderera abwana mpaka alola kuti ndikonze. Sindilowa, lamulo lanu ndinalimva."

A Mwinyi anayang'ana mnyamatayo, kenako mwana wawo amene ankalira n'kumaseka nthawi yomweyo. Panalibenso chofunsa.

"Ndinaletsa wakuba mwezi wanga. Za woubweza sindinanenepo kanthu. Lowa. Ndipo Idi ikatha ubwere ndi amalume ako."

Amne anatsegula geti yekha, nagwira manja amabala aja mosamala.

"Ukadzandibisiranso kanthu, Mikidadi..."

"Sindidzateronso, nthanda yanga."

"Khala chete," anatero Amne akumwetulira. "Yang'ana kumwamba."