Mtengo wa Bokosi la Adadi

Patatha milungu itatu chiikireni maliro a bambo ake, Kamisomali anali asanalirebe. Dzinali anam'patsa ndi bambo akewo, poti ali wamng'ono ankakonda kutolera misomali yopindika m'shedi yawo ya ukalipentala. Tsopano akaweruka kusukulu ankangokhala pa benchi m'shedimo, maso ali pa utuchi. Njala sankaimva, chisoni sankachimva. Mumtima munangoti zii.

Kuseri kwa shediyo kunali zitini za penti makumi awiri, chilichonse chili ndi mbande ya mtengo. Malemuwo anali ndi chizolowezi chimene anthu ankachiseka. Asanacheke thabwa ankaligwira ndi chikhatho n'kunena kuti zikomo, ndipo akamaliza mpando kapena chitseko ankabzala mtengo umodzi.

"Mulungu sakhala kumwamba kokha," ankatero. "Ali m'tsamba, ali mu nyerere. Ukadula, bwezera."

Ntchito yothirira mbandezo inali ya Kamisomali, koma chichitikireni maliro sanapondeko kuseriko.

Loweruka m'mawa bambo ake aang'ono, amene anatenga shediyo, anabwera akukankha wilibala.

"Mwananga, zitinizi ndikukataya, ndikufuna malo oika matabwa. Tchalitchi cha achimwene chija chatsekedwa basi. Taona, zauma zonse."

"Tayani," anayankha Kamisomali.

Anadzuka n'kuyamba kuwathandiza kupakira. Masamba ankangofumbutuka m'manja. Ankadziwa kuti waziumitsa ndi iyeyo, koma ngakhale zimenezo sizinamupweteke. Chitini chomaliza chinali pansi pa mpopi wodontha, ndipo mbande yake inali ndi timasamba tiwiri tobiriwira. Anachinyamula, koma sanachiike mu wilibala.

"Bambo aang'ono, bokosi la adadi munakhoma ndinu, eti?"

"Ndine. Ndikanasiyira ndani?"

"Matabwa ake munawauza zikomo?"

Bambo aang'onowo anafuna kuseka, koma kuseka sikunatuluke. Anachotsa pensulo kukhutu n'kumaitembenuza m'manja.

"Sindinaganizeko."

"Nanga mtengo wake munabzala?"

Bambo aang'onowo anasiya wilibala pomwepo, analowa m'shedi, n'kutuluka ndi khasu. Anakumba dzenje pamalo omwe amafuna kuikapo matabwa aja. Kamisomali anagogoda chitini mozungulira monga ankachitira bambo ake, mbande inatuluka ndi dothi lake, ndipo anaikwirira bwinobwino.

"Zinazi sizingadzukenso?" anafunsa bambo aang'ono, akuloza mu wilibala.

"Ayi. Ndinachedwa."

Anatunga madzi pampopi n'kuthira pang'onopang'ono mpaka dothi linakhuta. Kenaka anagwada, n'kugwira katsamba kamodzi ndi chala.

"Zikomo," anatero.

Mawuwo anatuluka ndendende ngati mmene ankanenera bambo ake. Kamisomali anakhala pansi m'matopemo nayamba kulira.