Uthenga Sunawoloke Malire

Claudia anakumana ndi Inocencio pa kafe ya intaneti pa Chonde, pomwe mtsikanayu ankakonza makompyuta. Mnyamatayo anabwera kudzadandaula za netiweki, koma anachoka ndi nambala ya foni. Pakamwa pake panali uchi!

Chibwenzi chitapsa, Inocencio anati, "Amor, chikondi changa, ndikupita ku Joni. Ndikabwera, ulendo wa kwa amalume ako ku Thuchila. Undidikire."

Claudia anadikira. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Amuna awiri anamufunsira, iye n'kuwakana. Amayi ake akati, "Mwanawe, ukalambira pafonipo," ankangoseka.

Tsiku lina pa WhatsApp panalowa uthenga: "Ndatsegula webusaiti ya bizinesi yanga. Ili pakompyuta ya pambali pa bedi langa kuno ku Joni. Ukaitsegula, ndiye kuti wagogoda pachitseko changa, switi."

Masana ena makasitomala kunalibe, ndipo Claudia anamusowa kwambiri Inocencio. Anatsegula windo lakuda lolembamo malamulo, n'kulemba traceroute ndi dzina la webusaitiyo. Lamuloli limaonetsa paliponse pomwe uthenga wadutsa usanafike komwe ukupita, ngati masiteji a minibasi. Sankamufufuza ayi, mwana wa eni. Ankangofuna kuona njira yopita kwa wokondedwa wake.

Mizere inayamba kutsika. Woyamba unali wa rauta, kabokosi ka intaneti ka pa kafe pomwepo. Yotsatira inali ya kampani ya netiweki. Anadikira mayina a ku South Africa, koma mzere womaliza unali ndi dzina la Blantyre, ndipo ulendo unathera pomwepo.

Analembanso. Chimodzimodzi! Blantyre? Pompano, pofika ndi minibasi imodzi?

"Ku Joni kuli bwanji?" anamulembera.

"Kukuzizira, amor. Ndakusowa."

Claudia anajambula mizere ija n'kumutumizira. Misozi inali itayamba kale kudontha. Kodi zaka zonsezi ankadikira chiyani?

Posakhalitsa foni inalira. Nambala inali ya Inocencio, koma mawu anali a mzimayi, odekha, otopa.

"Ndine amake Millie, mkazi wa a Inocencio, kuno ku Chilomoni. Bambo alowa kubafa, foni aisiya patebulo. Chithunzi mwatumizachi sindikuchimva, achemwali. Koma mawu ali pamwamba pakewo ndawamva onse."