Chipinda cha Makina a Tchesi

"Zitsulo zakozo zikulirabe?" anafunsa Mayi Ajoke ataima pakhomo la chipinda chakumapeto, manja ali m'chiuno.

Morenike anagwada kupereka ulemu kwa apongozi akewo, waya ali m'manja. "Ndi zokupizira mphepo, Amayi, kuti makina asatenthe."

"M'nyumba za anzanga mukulira makanda. Muno mukulira zitsulo."

Morenike anabwerera ku waya wake. Chikwatiwire ndi Gbenro, mwana mmodzi yekha wa Mayi Ajoke, anapita padera kawiri, ndipo kachiwiriko adokotala a ku Ibadan, mzinda umene ankakhala, anamuuza mosabisa kuti asayembekezerenso. Anakhala miyezi ali chigonere, osafuna chakudya kapena kuona munthu. Chimene chinamudzutsa ndi tchesi, masewero amene malemu bambo ake anamuphunzitsa. Poti ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a kompyuta, analemba pulogalamu yodziwa kusewera yokha. Pa intaneti anapeza anthu ena a ku Accra, ku Poland ndi ku Brazil, aliyense ali ndi pulogalamu yake koma alibe bwalo lokumanirapo. Morenike anawalonjeza bwalolo: seva, kompyuta yosazima, yoti mapulogalamuwo azilimbana okhaokha eni ake n'kumaonerera ali kwawo.

Gbenro ndiye anamupatsa chipindacho. Anamunyamulira mabatire, anakhoma mashelefu, anakwera ngakhale padenga kukaika sola, poti magetsi a m'dera lawo anali osadalirika. "Chita chimene chikukubwezera moyo, mkazi wanga," ankatero.

Loweruka la mpikisano woyamba Morenike anadzuka mbandakucha. Pulogalamu ya munthu wa ku Brazil inkangoduka, ndipo wotchi yogawira osewera nthawi inkathamanga mopenga. Analimbana nazo mpaka dzuwa linafika pamutu, amala, nsima ya ufa wa chilazi, amene anadziikira pambale atauma. Kenako zonse zinagwirana. Pulogalamu yake inayamba kusewera ndi ya ku Accra, hatchi yoyera n'kudumpha yokha, yakuda n'kuyankha. Anthu anayamba kulemba moni ndi kuthokoza. Morenike anaseka mokweza, kuseka kumene anali atakuiwala, n'kuthamangira kukaitana mwamuna wake.

Pabalaza anapeza Gbenro atakhala, mutu uli pansi. Pambali pa Mayi Ajoke panali mtsikana wovala duku latsopano, pathupi pooneka, sutikesi ili pamapazi ake.

"Uyu ndi Abeni," anatero Mayi Ajoke. "Chimene wanyamulacho ndi cha mwana wanga. Akufunika chipinda. Chipinda chilipo, koma wadzazamo zinyalala."

Morenike anatembenukira kwa mwamuna wake. "Amuna anga, ndi zoona?"

"Ndimati ndikuuze mpikisano wako ukatha," anayankha Gbenro osadzutsa nkhope.

"Pamene munkakhoma mashelefu aja, munali mutayamba kale?"

Gbenro anayang'ana amayi ake.

"Kodi munanditsekera m'chipinda muja kuti ndisaone kumene mukupita?"

"Iwe, usamufunse mwana wanga ngati wapolisi!" anakalipa Mayi Ajoke. "Ndakupirira mokwanira. Kutchalitchi anzanga amandifunsa kuti adzavina liti kwanga, ine n'kumangoseka ngati chitsiru. Dzina la bambo ake lithere pa iwe? Palibe akukuthamangitsa. Ukhala mkazi wamkulu, udzasambitsa mwanayo. Ungotulutsa zidole zakozo."

Misozi inatsika. Morenike anagwada n'kugwira mapazi a apongozi ake. "Amayi, chonde, mundilole mpaka mawa lokha. Anthu akuonerera, ndinawalonjeza. Zina zonse mwatenga. Ichi chokha ndisiyireni chithe."

"Ukulirira zitsulo, osati mwamuna? Waona, Gbenro? Ndinakuuza kuti uyu mutu wake sukuyenda."

Anamukankha n'kulunjika kuchipinda chija. Morenike anawathamangira, koma anafika mochedwa. Mayi Ajoke anakoka mawaya onse pamodzi ndi manja awiri. Shelefu inapendekeka, seva inagwa pasimenti ndi chiphokoso, zokupizira mphepo zinakhala chete. Masewero aja anazima ali pakati.

Morenike anatembenuka. Gbenro anali adakali pampando pomwe paja.

Amene anaimirira anali Abeni. "Aunty, a Gbenro anandiuza kuti munavomera. Anati ndinu amene munawatuma kuti apeze mkazi wina. Ndikanadziwa..."

"Khala pansi iwe, usagwedeze mdzukulu wanga," anatero Mayi Ajoke.

Morenike anamuyang'ana mtsikanayo, mwana wamng'ono ndithu, maso odzaza mantha. "Upemphere akhale wamwamuna," anamuuza motsitsa mawu, "ndipo akhale wamoyo."

Analowa kuchipinda chogona n'kumenyetsa chitseko. Atatuluka anali ndi chikwama chimodzi cha zovala. Anatola seva ija, mbali imodzi itaphwanyika, n'kuikulunga munsalu. Gbenro anamupeza pageti akuimitsa galimoto.

"Morenike, dikira. Upita kuti? Anthu anena chiyani?"

"Kwa achimwene anga ku Abeokuta. Anthu anena zimene mudzawauze, poti kunama mumakutha."

"Ndimakukondabe. Amayi anandipanikiza, sindinkagona tulo. Ukanatani iweyo?"

"Ndikanakuuzani pamaso. Ana athu aja tinawalira awiri, Gbenro. Ndinkati ndili ndi mnzanga pamaliro. Osadziwa kuti inu munapukuta misozi kalekale, ine mwandisiya kumanda ndekha."

Gbenro anagwira chikwama. Morenike anachikoka mwamphamvu, analowa m'galimoto n'kutseka chitseko. M'nyumba muja munkamveka Mayi Ajoke akukokera mashelefu panja.

Galimoto itatuluka m'tauni, foni yake inali ikungolira. Anthu ankafunsa chimene chachitika, ena akudandaula kuti pulogalamu yawo inali pafupi kupambana. Morenike analemba mwachidule kuti seva yawonongeka, ndipo sakudziwa ngati idzayakanso.

Munthu wa ku Accra uja, amene sanaonanepo naye, anayankha: "Za seva zisiyeni, mlongo. Inuyo muli bwino?"

Morenike anayamba kulemba kuti inde, koma zala zinakana. Anaika foni pansi, anakumbatira mtolo uja pamiyendo pake, n'kulira mokweza mpaka woyendetsa galimoto anazimitsa wailesi.